Lipoti la ulendo wa ku Kabwe: kuphunzitsa ana aang'ono mbiri yakale kunyumba

Makolo anzanga, ndabwerako ku msonkhano wa ku Kabwe wa magulu a makolo ophunzitsa ana kunyumba. Ndinakwera basi pa Intercity Lachisanu m'mamawa, ndafika Lamlungu usiku, ndipo malisiti onse ali kale kwa amsungichuma pamodzi ndi chenji. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zomwe zinalembedwa pa WhatsApp ndili m'njira, zoti ena timapita kukadya ndalama za gulu, ndinaziwerenga.

Lachisanu kunali nkhani ya kulembetsa ana mayeso a boma, zomwe tikuzidziwa kale. Madzulo kunabwera wogulitsa mabuku a masamu. Ndinasinza.

Zomwe munanditumira zinabwera Loweruka. Anayankhula ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Anafunsa kuti amene anayambitsa mwana wa zaka 6 ndi mafarao a ku Egypt akweze dzanja. Manja anali mbwee, langa lomwe. Mabuku ambiri ochokera kunja amagawa mbiri ya dziko lonse m'zaka zinayi, kuyambira ku Egypt, Greece ndi Rome mpaka masiku ano, kenako n'kubwerezanso. Mayiwo sanawanyoze mabukuwo. Anangoti mwana amene akusokonezabe dzulo ndi dzana amaganiza kuti Farao ndi agogo ake ankatunga madzi pachitsime chimodzi.

Kenako anatitulutsa panja, padzuwa, n'kutiimika pakhomo la holo. Phazi limodzi ndi zaka 10. Titaponda kachisanu ndi chimodzi anati imani, apa ndi 1964, mbendera ya Zambia ikukwera pa 24 Okutobala. Mapazi ena atatu, 1935, likulu likuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka. Ena khumi, tafika kumpanda, 1835, Angoni a Zwangendaba akuwoloka Zambezi dzuwa litadetsedwa ndi kadamsana. Bambo wina anafunsa za chigaza chija chinapezeka mumgodi wa ku Kabwe komweko mu 1921, chomwe mpaka lero chili ku London. Mayiwo anaseka. Mwini chigazacho anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, ndiye kuti mapazi 30,000, ngati kuchoka m'tauni ya Lusaka wapansi mpaka cha ku Chilanga. Ine wamkulu ndi mutu wanga ndinangoti kakasi. Nanga mwana?

Kayendetsedwe kawo n'kosavuta. Kawiri pa sabata, mphindi 20, mutu umodzi mwezi wathunthu. Chaka choyamba ndi banja, mfunda, kumudzi ndi komboni yomwe mwana akukhala. Chachiwiri ndi Zambia. Za maiko akutali zidikire afike zaka 8 kapena 9. Pakhoma pakhale chingwe choyanikira zovala ndi mapegi, chilichonse chimene mwana waphunzira achijambule n'kuchipachika pamalo pake.

Msonkhano unagwirizananso kuti magulu onse azilembetsa ana mayeso a mbiri teremu ikatha. Ine ndinakana, koma ochuluka anavomera. Ndikubweretsa chigamulocho monga nthumwi, koma pandekha ndikuona kuti tikangoika mayeso tiyambanso kuthamangitsa ana kuti amalize buku, zomwe tinawachotsera kusukulu.

Tsopano za kwathu kuno. Chaka chatha tinasonkha ndalama n'kuitanitsa katoni ya mabuku akunja. Ndinanena tsiku lomwelo kuti tiyambe tagula awiri tione, ndinauzidwa kuti ndine wotsalira. Katoniyo ili pansi pa bedi kunyumba ina ku Chelston, ndipo mwana wanga sanagwirepo ngakhale limodzi. Pamene ulendo wa ku Chilenje House 394, komwe a Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, tauimitsa katatu ati ndalama ya minibasi palibe. Chilenje pompa apa! Lusaka National Museum ndi Freedom Statue zayandikana pa Independence Avenue, ndipo Embassy Park, pomwe pagona a Mwanawasa, a Chiluba, a Sata, a Kaunda ndi a Banda, ili mumsewu womwewo. Imeneyo ndi miyezi itatu ya maphunziro pa tikiti ya basi.

Ndikudziwa kuti amayi ena anena kuti Egypt ndi wofunika chifukwa cha Yosefe ndi Mose. Zoona, ndipo ana amawamva kale ku Sande sukulu. Koma ndani mwa ana athu angafotokoze chifukwa chake timapita ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi mu Ogasiti, kapena ku Mtenguleni kwa Mpezeni mu Febuluwale? Wanga anandifunsa ngati Kulamba ndi shoo. Amene mukupita kumudzi chaka chino tengani ana, muwapatse foni ajambule mawu a agogo akusimba momwe anabwerera ku Lusaka koyamba. Okalamba sakutidikira.

Kalasi ya Lachitatu yakhala kunyumba kwanga miyezi isanu tsopano, shuga ndi buledi zochokera m'thumba langa, pamene tinagwirizana zosinthana. A tcheyamani, chonde nkhaniyi ilowe pa ajenda.

Tikumane Loweruka 14 koloko. Aliyense abwere ndi chingwe, mapegi khumi ndi chaka chimene agogo a mwana wake anabadwa. Katoni ija ibwerenso.