Lipoti la ulendo wa ku Salima kwa a kalabu yathu ya mpunga

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako kumaphunziro munandituma aja. Malisiti a minibasi ndi a chipinda chogona ali kwa a msungichuma, aliyense wokayikira za alawansi akaone yekha.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi kalembedwe ka mabuku a kalabu, zomwe timazidziwa kale. Lachiwiri ndiye linandigwira mtima. Mphunzitsi anafotokoza za propanil, mankhwala ophera udzu mumpunga. Tsamba la mpunga lili ndi mphamvu yake yophwanya propanil, n'chifukwa chake udzu umafa mpunga n'kutsala. Koma mankhwala a tizilombo a gulu la organophosphate, monga Orthene ndi dimethoate amene timapopera fodya kuno ku Kasungu, amaitseka mphamvu imeneyo. Mukawasakaniza m'sipuleya imodzi, kapena kupopera motsatizana masiku otchulidwa pabotolo asanakwane, mpunga umapsa limodzi ndi udzu.

Apa ndinakumbukira munda wanga wa mpunga wa Kilombero kudambo, womwe masamba anafiira chaka chatha. Munkati ndinachulutsa muyezo. Sindinachulutse. Sipuleya ya kalabu inali itangochokera kufodya, yosatsuka, ikununkha. Ndinadandaula pamsonkhano, nkhani inangokwiriridwa mpaka lero.

Mphunzitsi uja anatiuzanso kuti udzu wofota ndi dzuwa sumwa bwino mankhwala. Upopereni ukadali wanthete, wa masamba awiri kapena atatu, nthaka ili yachinyezi. Yureya azibwera udzu utafa, apo ayi mukudyetsa mdani. Madzi nawonso ndi nkhani: glyphosate, mankhwala enanso ophera udzu, amakakamira kumatope n'kutha mphamvu. Anatunga madzi amatope m'botolo, tinaona dothi likukhazikika pansi chala chathunthu. Ndiwo madzi omwe ife timathira m'sipuleya chifukwa choti mjigo uli kutali, kenako tizinyoza wogulitsa kuti mankhwala ake ndi achinyengo.

Za misika analankhula mwachidule, panalibe chachilendo.

Ena kumeneko ankalimbikira zosakaniza mankhwala onse pamodzi kuti aganyu ayende kamodzi. Ine ndinakana, ndipo pano ndikukanabe. Ndalama ya ganyu yomwe mwapulumutsayo siingabweze matumba a mpunga wopsa. Pempho langa n'lakuti tigule sipuleya yachiwiri, tiipake utoto wofiira, ikhale ya mankhwala a udzu okhaokha. A msungichuma adzanena kuti m'thumba mulibe kanthu, koma zopereka za chaka chatha sanatiwerengerebe. Nkhaniyi ilowe pamsonkhano wa Loweruka, mvula isanayambe.