Musanagule makina osunthira kalavani, yezani kaye chitunda cha kwanu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanuyi, pa nkhani imene ena angaione ngati ya anthu ochepa, koma imene ikutayitsa abale athu ndalama zakunja zomwe kuzipeza kwake masiku ano n'kovuta. Ndine wokonza zamagetsi a galimoto kuno ku Luchenza, ndipo kuwonjezera pa malole ndi mathirakitala a m'minda ya tiyi, pakhomo panga payamba kufika makalavani, ngolo zonga kanyumba zokokedwa ndi galimoto. Ena ndi a alendo opita kukakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, ena ndi a makontirakitala a misewu amene amagonekamo antchito awo, pomwe ena ndi a abale athu obwerako ku South Africa ndi ku UK amene akuwasandutsa malo ogona alendo kapena ogulitsiramo zakudya. Ambiri mwa eni akewa amandifunsa za makina osunthira kalavani ikamasulidwa kugalimoto, ndipo chondidandaulitsa n'chakuti amafunsa katunduyo atafika kale, msonkho atalipira kale.

Kwa amene sanawaonepo, makinawa ndi mamota amagetsi awiri amene amamangidwa kuchasisi, pafupi ndi matayala. Mota iliyonse ili ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi mizere, chimene chimakanikizidwa patayala n'kumaligudubuza. Mphamvu yake imachokera kubatire ya mavoti 12 ya m'kalavani momwemo, ndipo mwini wake amaima chapatali ndi limoti m'manja, kalavani n'kumayenda yokha pang'onopang'ono, kutsogolo, chammbuyo, ngakhale kutembenukira pamalo amodzi. Kwa munthu wachikulire, wodwala msana, kapena amene geti lake ndi lopapatiza moti galimoto singathe kubwerera ndi ngolo, chipangizochi ndi chothandiza zedi, ndipo sindikuletsa aliyense kugula.

Vuto lagona pa nambala imene anthu amakhulupirira. Wogulitsa pa intaneti amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti makina ake amakoka makilogalamu 1800 kapena 2000, wogula nayenso amayang'ana kachitsulo kamene kali pakalavani yake, n'kuona kuti ikadzaza katundu imalemera 1500, basi n'kutumiza ndalama. Chimene saona ndi mawu ang'onoang'ono a m'munsi onena kuti kulemera kumeneko makinawo amakukwanitsa pa chitunda chotani. Opanga odalirika amalemba nambala ziwirizi pamodzi, mwachitsanzo kulemera kwakuti pa chitunda cha 15 peresenti, kutanthauza malo amene amakwera mamita 15 pa mamita 100 aliwonse. Pamalo osalala, kalavani ya makilogalamu 1500 anyamata awiri amaikankha ndithu. Pa chitunda cha 15 peresenti, kalavani yomweyo imadzikokera kumtsetse ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 220, ndipo chitunda chikafika 25 peresenti mphamvuyo imapitirira makilogalamu 350. Tsono aliyense wodziwa Thyolo ndi Mulanje andiuze kuti ndi mabwalo angati kuno amene ali osalala. Mukangosiya msewu wa tala wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe mpaka ku Muloza, n'kulowa m'tinjira ta m'minda ya tiyi kapena tokwera kunsi kwa phiri, mwayamba kale kukwera kapena kutsika. Kuyeza chitunda cha pakhomo panu sikufuna katswiri: thabwa lowongoka la mita imodzi, levulo ya mmisiri womanga ndi tepi n'zokwanira. Gonekani thabwalo molingana, mbali imodzi itagunda pansi, muyeze mpata umene watsala kumbali inayo, ndipo masentimita amene mwapezawo ndiwo maperesenti a chitunda chanu.

Pamwamba pa chitunda pali dothi lathu lofiirali. Kuno mvula ndi yambiri, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimatha kunyowetsa kapinga masiku otsatizana. Chitsulo chogudubuza chija chimadalira kugwirana ndi tayala. Tayala likamatidwa ndi katondo wonyowa, mizere ya chitsulocho imadzaza matope, mota imalira bwinobwino, chitsulo chikuzungulira, koma tayala lili phee. Ndaonapo chitsulo chotere chitasalala ndi dothi louma moti mizere yake inafunika kukolokosola ndi waya. N'chifukwa chake ndimati munthu wa kuno asankhe makina amene mphamvu yake ikuposa kulemera kwa kalavani yake ndi mpata wabwino, aone kuti mizere ya chitsulocho ndi yakuya, ndiponso azipopa matayala mokwanira, pakuti tayala lofewa limangobonyoka m'malo mogwira.

Palinso mtundu wina wotsika mtengo umene umakopa anthu ambiri, womwe umalowa m'malo mwa kawilo kakang'ono kakutsogolo kwa kalavani. Ubwino wake ndi wakuti sufuna mmisiri woumanga ndipo mungathe kuuchotsa n'kukaugwiritsa ntchito pa ngolo ina. Koma kutsogolo kwa kalavani kumapsinja pansi ndi gawo lochepa chabe la kulemera kwake konse, choncho kawiloko kalibe chokakanikiza kuti kagwire nthaka. Pa simenti yosalala ya m'shedi kamagwira ntchito, koma pa kapinga wonyowa wa ku Chitakale kamangokumba kadzenje. Ine mtundu umenewu sindiulimbikitsa kwa munthu wa m'maboma athu awiriwa, pokhapokha ngati bwalo lake lonse ndi la konkire.

Amene kalavani yawo ili ndi ma ekiselo awiri, kutanthauza matayala anayi, asamale kwambiri. Kalavani yotere imakana kukhota chifukwa matayala ena amakwekwerezeka cham'mbali, ndipo mamota awiri okha amaikhotetsa mozungulira kutali. Mamota anayi, imodzi patayala lililonse, amathetsa vutoli ndipo amakwera bwino, koma mtengo ndi kulemera zimakweranso. Za kulemerazi anthu amaiwala. Makina a mamota awiri amalemera makilogalamu pafupifupi 30, batire yaikulu imaposa makilogalamu 20, ndipo zonsezi zimachotsedwa pa katundu amene kalavani ikuloledwa kunyamula. Makinawo amatsikiranso kunsi kwa chasisi, kotero pa misewu yathu yafumbi ya mathanthwe ndi migula, imene ina mpaka pano ikuonetsa zipsera za namondwe wa Freddy wa mu 2023, ndiwo amayamba kugunda pansi.

Pa funso lakuti mugule makina amene amadzikanikiza okha patayala mukadina batani, kapena amene mumakanikiza ndi dzanja pogwiritsa ntchito chitsulo chonga chomasulira mawilo, maganizo anga ndi omveka: sankhani a dzanja ngati thupi likulola. Odzikanikiza okhawo ali ndi timamota tina towonjezera, ndipo kalikonse kowonjezera kamene kamakhala kunsi, m'matope ndi m'madzi, ndi chinthu china chimene chidzafe tsiku lina muli kutali ndi sitolo yake. Okalamba ndi amene ali ndi vuto la mafupa okha ndiwo ndingawauze kuti ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera.

Batire nayo isakhale yongotola. Mamotawa amakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, makamaka pokwera, ndipo batire yotopa imachititsa kuti makina abwino aoneke ngati achabechabe. Pamafunika batire yopangidwira kupereka mphamvu pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ya 85Ah mpaka 110Ah (nambala yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene imasunga), osati yolizira injini imene yachotsedwa m'minibasi. Mawaya akhale onenepa monga momwe opanga analembera, fyuzi ikhalepo, ndiponso pakhale switchi yodulira magetsi onse makinawo akapuma. Popeza kalavani imatha kukhala miyezi osayenda, ndipo magetsi amathimathima, kasola kakang'ono padenga kamasunga batireyo yamoyo.

Amisiri anzanga ndiwapemphe mwaulemu kuti asathamangire makina owotcherera. Makalavani ambiri ochokera ku Ulaya ali ndi chasisi yopangidwa ndi kampani ya AL-KO, yopepuka komanso yokutidwa kuti isachite dzimbiri, ndipo siyenera kubooledwa kapena kuwotchereredwa. Makinawa amabwera ndi zomangira zake zogwira chasisi ndi mabawuti, ndipo ngati sizikugwirizana ndi chasisi yanu pamafunika kuitanitsa zomangira zoyenera. Mpata wa pakati pa chitsulo chogudubuza ndi tayala ukhale ndendende umene buku lanena, mbali zonse ziwiri.

Mayina odziwika pa malondawa ndi monga Truma, Reich ndi AL-KO a ku Germany, komanso Powrtouch ndi Purple Line a ku UK, ndipo pa intaneti padzaza ena opanda dzina omwe mtengo wake ndi wokopa. Dzina palokha silikweza kalavani pachitunda, koma limakuuzani ngati mudzapeza limoti ina yoyambayo ikagwera m'madzi, kapena kabokosi kamagetsi kolamulira mamota kakapsa. Safunsa anadya phula. Funsani wogulitsayo musanalipire ngati zipangizo zimenezi amagulitsa pazokha, ngati angazitumize ku Malawi kuno, ndiponso ngati chitsimikizo chake chimagwira ntchito makinawo akamangidwa kunja kwa dziko limene anagulidwa.

Chomaliza ndi chitetezo, ndipo apa ndilankhule motsindika chifukwa pa mabwalo athu pamasewera ana. Makinawa si buleki. Handibuleki imasulidwe pokhapokha zitsulo zogudubuza zitagwira kale matayala, ndipo ikokedwenso zitsulozo zisanachotsedwe, apo ayi kalavani idzathamangira kumtsetse popanda woigwira. Pasaime munthu kumunsi kwake pamene ikuyenda, mitengo yotsekera matayala ikhale pafupi, ndipo musanaikoke ndi galimoto zungulirani mbali zonse ziwiri kuti muone ndi maso anu kuti zitsulozo zachoka pamatayala.

Ine wanu,
Wokonza zamagetsi a galimoto,
Luchenza, Thyolo.