Kalata kwa Nabanda: Tadala asanasankhe maphunziro a Fomu 3

Nabanda mnzanga,

Landirani moni wochokera kuno ku Salima. Ndikhulupirira chisanu cha ku Johannesburg chayamba kuchepa ndipo ntchito ikuyenda. Kuno mwera wavuta mwezi uno, moti asodzi ku Senga Bay akungosoka maukonde pamchenga, usipa nawo wakwera mtengo. Amayi anu ali bwino, akuperekanso moni.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvetsera kawiri. Ndakondwa nanu kuti Tadala wakhoza JCE. Mwati mukufuna adzakhale dokotala ngati mwana wa alamu anu uja anapeza mapointi 9, ndipo mwafunsa kuti muzitumiza ndalama zingati za part time. Ndikuyankhani ngati mphunzitsi komanso ngati mayi wake, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Za part time zidikire kaye. Chofunika mwezi uno ndi maphunziro amene asankhe masabata oyamba a Fomu 3, chifukwa phunziro limene alisiye pamenepo sadzalilemba pa MSCE, ndipo khomo limene latsekeka motero mapointi salitsegula.

Ndiyambe ndi mawerengedwe a mapointi, poti makolo ambiri amangogwira nambala yomaliza. MANEB imapereka giredi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungokhoza, 9 n'kulephera. Amaphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, Chingerezi chili momwemo. Amene wapeza 2, 3, 3, 4, 4 ndi 5 ali ndi mapointi 21. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, choncho mwana wa 1 pa Masamu koma 7 pa Chingerezi amatsala pakhomo. Chimene ambiri amachidziwa mochedwa ndi chakuti kosi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene amawayang'ana. Mtsikana akhoza kupeza mapointi 14 okoma ndithu ndi Chichewa, Zaulimi, History ndi Bible Knowledge, koma ngati sanalembe Chemistry ndi Physics, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kosi ya udokotala sangaiyandikire, ya uinjiniya ku mayunivesite a MUBAS kapena MUST chimodzimodzi.

Ndiye amayi anu kapena malume ake apite kwa ahedi akafunse zinthu zitatu. Kodi pasukulupo pali mphunzitsi wa Physics ndi wa Chemistry amene anaphunziradi maphunzirowo? Kodi labotale ilipo, ndipo muli mankhwala ndi zida, kapena ndi chipinda chongokhala ndi dzina? Nanga chaka chatha ana angati anapeza kirediti pa maphunziro amenewa? M'ma CDSS ambiri mwana amakaona koyamba chida choyezera mankhwala tsiku la mayeso a practical, dzanja n'kumanjenjemera, madontho n'kupitirira muyeso, mtundu wa madziwo n'kusintha iye asanawerenge nambala. Ameneyo sanalephere chifukwa chopanda nzeru. Ngati zinthu zili choncho pasukulu ya Tadala, ndalama zanu zingagwire ntchito yomveka pomupezera malo oti azikachita practical Loweruka pasukulu ina yokhala ndi labotale, kusiyana n'kulipira munthu woti azingomulembetsa manotsi omwewo madzulo.

Tsono za udokotalazo. Ndi njira yabwino ndipo sindikumuletsa, koma aidziwe kutalika kwake asanaiyambe. Ku KUHeS, komwe kale tinkati College of Medicine mayunivesite asanagawidwe mu 2021, amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka zisanu, akatero n'kukagwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu kwa miyezi 18. Malo ndi ochepa, olimbirana ndi a dziko lonse. Komatu m'chipatala simuli dokotala yekha. Amene amaona odwala ambiri m'zipatala zathu za m'maboma ndi ma clinical officer, ndipo ambiri mwa iwo amachita dipuloma ya zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya Malamulo ku Thyolo. Anamwino ndi azamba amaphunziranso m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga ku Nkhoma. Alipo oyeza magazi, opereka mankhwala, ojambula mafupa. Onsewa amafuna Biology ndi sayansi zinazo, choncho ngati mtima wa Tadala uli ku chipatala, kutenga sayansi kumamusiyira makomo ambiri otsegula ngakhale limodzi litakana.

Funso n'lakuti mtima wake uli kumeneko kodi? Inu simukudziwa, agogo ake sakudziwa, mwinanso mwini wake sakudziwa, chifukwa ana athu amatchula ntchito zimene anangomva dzina. Mukafunsa kalasi ya Fomu 2 mumva dokotala, loya, namwino, msilikali, basi. Msilikali amamudziwa poti MAFCO, sukulu ya asilikali, ili pompano. Koma mwana yemweyo amadutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi ntchito zambirimbiri osaziona. Ku Nanjoka kuli munda wa magetsi a dzuwa wa 60 MW umene unatsegulidwa mu 2021, ndipo umafuna amisiri a zamagetsi. Fakitale ya shuga ya kuno ndi ya ku Dwangwa zimafuna owotcherera, amakaniko, oyeza nzimbe mu labotale, owerengera ndalama. Ku Lifuwu ndi ku Chitala kuli ofufuza za mbewu. Mahotela a ku Senga Bay amasowa wokonza firiji ikafa nsomba zili momwemo. Ku Nkhotakota, chiyambire bungwe la African Parks kuyendetsa nkhalango yosungira nyama ya kumeneko mu 2015, kuli ntchito za oyang'anira nyama ndi zokopa alendo. Maphunziro a zonsezi alipo: yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ndi ku NRC, koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ku Mangochi, MZUNI, ndi Salima Technical College yomwe ili pakhomo pathu pomwe ku Senga Bay.

Chimene chimathandiza ndi ichi, ndipo sichifuna ndalama zambiri kuposa ya kabaza. Holide ino Tadala akakhale tsiku lathunthu ndi anthu atatu a ntchito zosiyana, atapempheredwa chilolezo ndi munthu wamkulu: mmodzi wa ku chipatala, mmodzi wa ntchito yamanja, mmodzi wa mu ofesi kapena wa zaulimi. Atenge kope. Afunse kuti munalowera khomo liti, munaphunzira zaka zingati, analipira ndani, munadikira nthawi yaitali bwanji musanalembedwe ntchito, nanga chimakutopetsani n'chiyani. Funso lomalizali ndilo limavundukula zambiri. Namwino adzamuuza za usiku wokhala yekha ndi wodi yodzaza. Wowotcherera pa Kamuzu Road adzamuonetsa maso ofiira ndi tsiku lotayika magetsi akazima. Pobwera musamufunse kuti wasankha iti. Mufunseni kuti ndi kuti kumene tsiku linatha iye osazindikira, ndipo ndi kuti kumene amangoyang'ana dzuwa kuti aweruke.

Za ntchito zamanja ndinenepo motsindika, chifukwa ndikudziwa mmene makolo timazinyozera. Timaziona ngati kothawira olephera. Koma TEVETA, yomwe imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndipo inakhazikitsidwa mu 1999, ikalengeza malo a m'makoleji a boma, ofunsira amachuluka kuposa malo, ndipo kosi ngati ya zamagetsi imafuna mutu wa Masamu ndi Physics. Wophunzira amakhala miyezi ina m'kalasi, ina kuntchito kwenikweni, n'kumakwera ma level. Mtsikana amene watuluka ndi pepala la zamagetsi kapena la mapaipi a madzi akhoza kuyamba kupeza yake ndi bokosi la zida, pamene mnzake wa digiri akuyendabe ndi envelopu m'maofesi a ku Lilongwe. Digiri ndi yabwino, ndipo Tadala akaikwanitsa tidzavina. Ndikungokana kuti tizimuuza kuti njira ndi imodzi, ina yonse ndi manyazi.

Apa ndiye pali nkhani imene yandilembetsa kalata m'malo mongoyankha pafoni. Mwana wa alamu anu uja musamutchulenso pamaso pa Tadala. Ndikudziwa mumatero pofuna kumulimbikitsa, koma mwana samva choncho. Iye amamva kuti amayi anga akuvutika ku Joni chifukwa cha ine, ndipo ndikapanda kubweza ndi mapointi, ndine ngongole yosabwezeka. Tsiku limene zotsatira zimamatidwa pa bolodi, muzionera ana akukankhana, chala chikutsika pa mndandanda. Wina amakuwa n'kuthamanga. Wina amafika pansi pa pepala, n'kubwereranso pamwamba, n'kutsikanso pang'onopang'ono, kenako n'kuchoka mwakachetechete kudzera kuseri kwa makalasi kuti anzake asamufunse. Madzulo ake mapointi a ana a eni ali ponseponse pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a mpingo. Amene wachoka mwakachetechete uja ndiye woti tizimuyang'anira, ndipo nthawi zambiri amakhala mwana amene kwawo ankamutcha dokotala kuyambira ali Sitandade 5.

Ana a msinkhu uwu amafunsa funso limene sitiliyankha m'kalasi: kodi ndikuvutikiranji, poti achimwene anga anamaliza koleji ali pakhomo, pamene mnzawo amene anasiyira Fomu 2 ali ndi njinga yamoto ya kabaza kapena boti? Kuwayankha kuti limbikira udzakhale bwana sikuwakhutitsa, chifukwa maso ali nawo. Amene amalimba ndi amene aona kuti zimene akuphunzira zili ndi munthu amene zidzamuthandize. Mtsikana amene waona mayi woyembekezera akunyamulidwa pa njinga usiku kuchokera ku Khombedza amawerenga Biology mosiyana ndi amene akungofuna kuposa msuweni wake. Choncho mukamaimba foni, musayambe ndi kufunsa kuti wakhala nambala chani. Mufunseni chimene chamusangalatsa sabata imeneyo, chimene chamukwiyitsa m'mudzi, chimene akanakonza akanakhala ndi mphamvu. Mukamva kuti wasiya kudya, sakugona, wasiya kucheza ndi anzake kapena akunena zoti palibe chimene akukhalira, musati ndi matukutuku a unamwali. Uzani amayi ndi ine tsiku lomwelo. Iyenso adziwe kuti nambala ya 116 ya Tithandizane ndi yaulere ndipo akhoza kuimba yekha.

Zina ndi za mtsogolo, koma muzisunge. Akadzalemba MSCE, kufunsira malo ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo fomu yake imalola kusankha makosi angapo motsatana. Cholakwika chofala n'kudzaza mizere yonse ndi makosi olimbirana kwambiri, mwana wa mapointi abwino n'kutsala osatengedwa paliponse. Aike patsogolo imene akuifunitsitsa, koma pansi pakhale ina imene magiredi ake akuifikira bwinobwino. Ngongole ya ophunzira ya HESLGB imafunsiridwa payokha ndipo imabwezedwa. Koleji iliyonse yoyima payokha musanalipire tambala, mufufuze ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, ndipo ngati ndi ya zaumoyo, ndi bungwe la anamwino ndi azamba kapena Medical Council. Makolo ambiri a kunja amapusitsidwa ndi chithunzi cha nyumba yokongola, mwana n'kutha zaka zitatu ndi pepala limene olemba ntchito salilandira.

Pakadali pano munditumizire chithunzi cha malipoti ake a Fomu 1 ndi Fomu 2, matemu onse, kuti tione mmene Masamu ndi sayansi zakhala zikuyendera. Muwauzenso amayi kuti Loweruka likubwerali ndidzafika chakum'mawa kudzacheza ndi Tadala, ndipo Tadalayo akhale ndi kope lija pafupi.

Mupereke moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko.

Ndine mnzanu,
Naphiri