Kalata kwa Makolo: Kutha kwa Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Teremu yatha, koma nkhani ya kalabu ya sayansi yandisowetsa tulo.

Kwafala mphekesera m'midzi yakuti aphunzitsi a sayansi akuphunzitsa ana zamatsenga madzulo pabwalo la mpira. Ena mwaletsa ana anu kubwera, ndipo tsiku lina anyamata anagenda gululo mpaka galasi la telesikopu yobwereka linasweka. Chondipweteka n'chakuti palibe kholo ngakhale limodzi limene linabwera ku ofesi kudzafunsa.

Zimene ana amaphunzira ndi izi. Pakati pa mlalang'amba umene mumauona usiku wopanda mwezi pali black hole (chinthu chokoka mwamphamvu kwambiri moti ngakhale kuwala sikungathawemo) wotchedwa Sagittarius A*, wolemera kuposa dzuwa pafupifupi ka 4 miliyoni. Akatswiri a zakuthambo Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez analandira mphoto ya Nobel mu 2020 atalondola nyenyezi zomuzungulira kwa zaka zambiri, ndipo chithunzi chake chinatuluka mu 2022. Black hole wa mlalang'amba wathuyu ali phee. Koma m'milalang'amba ina, monga M87, black hole akamameza mpweya amalavula mphamvu yoopsa imene imatenthetsa mpweya wotsala kapena kuukankhira kutali. Nyenyezi zatsopano zimabadwa mpweya wozizira ukaundana, pamene wotentha suundana, monga mafuta saundana ali pamoto. Akatswiri aonanso kuti mlalang'amba wokhala ndi chimulu chachikulu cha nyenyezi zakale pakati pake umakonda kukhala ndi black hole wamkulu, ndipo yambiri yotere inasiya kale kubala nyenyezi. Ngati woletsa kubalako ndi black hole kapena chimulucho, akatswiriwo akukanganabe, ndipo mtsikana wathu wa Fomu 3 anafunsa yekha funso lomwelo. Ufiti uli pati pamenepa?

Ogenda aja tikuwadziwa, ndipo sadzalowa m'kalasi asanabwere ndi makolo awo. Komabe sindifuna kuthamangitsa mwana wa munthu. Chonde, makolo anzanga, tithandizane: bwerani ku msonkhano wa PTA tikambirane zokonzetsa galasilo, ndipo madzulo ake mudzayang'ane nokha kumwamba pamodzi ndi ana anu.

Zabwino ziliponso: atsikana a ntchemberembaye anasewera bwino, a Fomu 1 asamalira nazale ya mitengo, kwaya inatisangalatsa potsekera.

Tidzatsegulira mu Januwale, tsiku lenileni lalembedwa pa lipoti la mwana wanu. Yunifomu ikhale yokwanira.

Khrisimasi yabwino kwa nonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu