Database iziyamba yokha magetsi akabwera

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi anzanga oika makompyuta m'maofesi, pamodzi ndi eni maofesiwo, makamaka kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Magetsi akathima n'kuyakanso, m'mafamase, m'ma SACCO ndi m'makopaletivi a alimi a tiyi mumamveka mawu amodzimodzi akuti "netiweki palibe." Kawirikawiri netiweki imakhala ili bwinobwino. Chimene chimakhala chisanadzuke ndi database server, pulogalamu yosunga maina, ngongole ndi malisiti, kaya MySQL, MariaDB kapena PostgreSQL. Woika uja anangoiyatsa pamanja tsiku loyamba, zinthu zinayenda, analandira zake n'kubwerera ku Blantyre. Chaka cha 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tinaona kuti kompyuta ya ofesi imatha kuzima kangapo tsiku limodzi.

Poyambira ndi pa kompyuta yeniyeniyo. Poyatsa dinani F2, F10 kapena Delete kuti mulowe mu BIOS, pulogalamu yamkati yomwe imadzutsa kompyuta, mupeze pomwe palembedwa Restore on AC Power Loss. Pa Dell amalemba AC Recovery, pa HP After Power Loss. Sankhani Power On. Mukatero onaninso kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti 3 kamene kali pa motherboard. Kakatha mphamvu BIOS imaiwala zonse, wotchi imabwerera m'mbuyo, ndipo makina ena amaima n'kudikira munthu adine F1. Akadutsa pamenepo, malisiti amatuluka ndi deti lolakwika.

Pa Linux ya masiku ano woyang'anira kuyatsa mapulogalamu ndi systemd, yomwe Ubuntu ndi Debian, mitundu ya Linux, anayamba kugwiritsa ntchito mu 2015. Lamulo la systemctl start limayatsa database lero lokha. Loti iziyamba yokha ndi sudo systemctl enable --now postgresql, ndipo mukafunsa systemctl is-enabled postgresql yankho likhale enabled. Samalani ndi dzina: pa Ubuntu ndi mysql, pa Rocky Linux ndi mysqld, kwa MariaDB ndi mariadb. Ubuntu ndi Debian amakuchitirani zimenezi mukaika ndi apt, koma a banja la Red Hat amasiyira inuyo. PostgreSQL ya pa Ubuntu ilinso ndi kafayilo ka start.conf mu /etc/postgresql/16/main/ ngati muli pa mtundu wa 16. Mukhale mawu akuti auto, chifukwa mukakhala manual ndiye kuti enable uja mwangotaya nthawi. Oika mu Docker awonjezere --restart unless-stopped.

Chovuta kwambiri n'chakuti zonsezi zikhoza kukhala m'malo mwake koma database n'kukanabe, chifukwa chodzuka msanga zinzake zisanakonzeke. Ngati deta ili pa disiki yachiwiri, ilembeni mu /etc/fstab pogwiritsa ntchito UUID, nambala yodziwira disikiyo, yomwe lamulo la blkid limaonetsa. Maina ngati /dev/sdb amasinthana munthu akangoiwala flash m'kompyuta. Kenako lembani sudo systemctl edit ndi dzina la service, pansi pa mutu wa Unit muike RequiresMountsFor= ndi foda ya detayo, kuti idikire disiki. N'chimodzimodzi ngati munaiuza kuti izimvera pa IP imodzi yokha: rauta imachedwa kudzuka, adiresi isanafike MySQL imagwa ndi uthenga woti yalephera kugwira adiresiyo, PostgreSQL nayo ikhoza kudzuka koma osamva makompyuta ena a mu ofesi. Mankhwala ake ndi Wants=network-online.target ndi After=network-online.target, komanso kupatsa server adiresi yosasintha. Chikalakwika china, musayambe n'kuikanso zonse mwatsopano monga ambiri amathamangira. Lembani journalctl -b -u mysql muwerenge mizere yomaliza, muonenso df -h, pakuti disiki yodzadza ndi ma log imagwetsa database mwakachetechete.

Pa Windows n'zachidule. Tsegulani services.msc, pezani database yanu, pa Startup type musankhe Automatic, kapena Automatic Delayed Start yomwe imadikira mphindi pafupifupi ziwiri. Pa Recovery sankhani Restart the Service. Ogwiritsa ntchito XAMPP, phukusi la mapulogalamu lokhala ndi database mkati mwake, amene ndi ambiri m'masitolo athu, atsegule control panel ngati administrator n'kuchonga kabokosi ka Service pambali pa MySQL. Kuika kachizindikiro mu foda ya Startup ndi ulesi, chifukwa kamadikira munthu alowetse password.

Magetsi akathima database ili mkati molemba, InnoDB (njira imodzi yosungira matebulo mu MySQL ndi MariaDB) ndi PostgreSQL zimadzikonza zokha pobwereza zimene zinalembedwa mu log. Pamakina akale zimatenga kanthawi, ndiye musaizimenso poganiza kuti yaima. Matebulo a MyISAM, njira yakale ya MySQL, alibe chitetezo chotere, asintheni akhale a InnoDB. UPS, bokosi lopatsa kompyuta moto magetsi akathima, nayo isangokhala batire lolira pansi pa tebulo: ilumikizeni ndi chingwe cha USB, muike pulogalamu ya NUT kapena apcupsd kuti batire likatsala pang'ono kompyuta izidzizimitsa mwadongosolo, kenako UPS idule moto wake. Ikapanda kudula, BIOS siidziwa kuti magetsi anachokapo, ndipo kompyuta imangokhala chozima mpaka wina abwere. N'chifukwa chakenso kusankha Last State mu BIOS, komwe kumabwezera kompyuta momwe inalili moto usanachoke, sikoyenera pa server.

Inu eni maofesi, musanalipire gawo lomaliza, woikayo atenge kaye kope la deta ndi mysqldump kapena pg_dump, aliike pa disiki ina. Akatero azimitse kompyuta, athimitse soketi ya pakhoma ndi UPS yomwe, ayatsenso, manja akhale m'thumba. Pakatha mphindi zisanu, kalaliki atulutse lisiti ali pa kompyuta yake. Likapanda kutuluka, ndalama idikire.

Wokonza makompyuta,
Luchenza, Thyolo