Fisha yodulidwa m'munsi siingaphunzitse mwana kuwerenga Chingerezi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zomwe zidachitika pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia, ku Mozambique. Sukuluyo sindiitchula dzina. Eni ake akudzidziwa, ndipo makolo anzanga a ana a kalasi ya 11 akangowerenga mizere yoyambirirayi azindikira nkhani yomwe ndikunena.

Ana adauzidwa kuti aliyense agule fisha ya Chingerezi, ija imakhala ndi nkhani yowerenga kutsogolo ndi mafunso kuseri. Mwana wanga wamkazi atabwera kudzapempha ndalama ndidampatsa osafunsa zambiri, chifukwa pa nkhani ya Chingerezi ine sindiumira. Pepala lomwe adabwera nalo linali la inki yotuwa, ndipo m'munsi mwake lidadulidwa. Makina okopera adasiya ndime yonse yomaliza. Koma mafunso kuseri analipo onse, ndipo ena mwa iwo ankafunsa za ndime yomweyo imene palibe mwana adaiona. Ana atadandaula, aphunzitsi sadabweretse pepala lina. Adangolemba mayankho pa bolodi, A, C, B, D, n'kuwauza kuti aloweze. Purova (mayeso) itabwera, nkhani inali yomweyo, mafunso omwewo, ndipo aliyense amene adaloweza zilembo zija adakhoza. Mwana wanganso adakhoza, n'kubwera kunyumba akusangalala. Nditamufunsa kuti nkhaniyo imakamba za chiyani, adati za sitima za ku London. Bwanji sitimazo zimayenda pansi pa nthaka? Anthu adavutika ndi chiyani kuti aganize zokumba njanji pansi pa mzinda? Adangondiyang'ana.

Akonzi, ichi ndi chinyengo, ndipo amene wanyengedwa kwambiri ndi mwanayo. Mwana angayankhe bwanji funso la ndime imene kulibe? Aphunzitsiwo adaliwerenga pepalalo asadaligulitse? Ngati adaliwerenga, ndiye kuti adaona kuti ladulidwa koma n'kulandirabe ndalama za makolo. Ngati sadaliwerenge, ndiye kuti akuphunzitsa ana kuwerenga ndi pepala limene iwo eni sadaliwerenge. Pa ziwirizi sindikudziwa chomwe chili chabwinoko. Nanga wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, amene ntchito yake ndi kuyang'anira kaphunzitsidwe, anali kuti? Purova imeneyi idadutsa pa tebulo la ndani isadafike kwa ana? Mayi wogulitsa mbatatesi pa Calómuè akakuthirirani ndowa yosadzaza, mumabwerera n'kukamufunsa, ndipo iye amachita manyazi n'kuonjezera. Pano pepala losakwanira lagulitsidwa kwa kalasi yonse ndipo palibe amene wapepesa.

Chomwe chikundipweteka kwambiri si ndalama ayi. Ndi choti mwana wanga tsopano akukhulupirira kuti amadziwa kuwerenga Chingerezi. Malikisi ali m'kaundula, aphunzitsi akhutira, sukulu idzatumiza ku boma chiwerengero chabwino cha ana okhoza, koma mwanayo sangafotokoze ndime imodzi m'mawu ake. Ndidakhala naye pansi madzulo ena kuti ndione momwe amachitira akapatsidwa nkhani yatsopano. Nkhaniyo saiwerenga n'komwe. Amayamba ndi funso, n'kutolamo liwu limodzi, n'kumayendetsa chala pa pepala mpaka atapeza pomwe liwu lomwelo lili, kenako amakopera chiganizo chonsecho. Akuti anzake onse amatero, ndipo nthawi zambiri amakhoza. Funso likangofuna kuganiza pang'ono, monga loti wolembayu akugwirizana ndi zomwe akufotokozazi kapena ayi, amaima pomwepo chifukwa yankho lake silidalembedwe pamzere uliwonse.

Ine Chingerezi changa ndidachiphunzirira ku Malawi. Ndine mmodzi wa anthu pafupifupi miliyoni amene tidathawirako nthawi ya nkhondo, ambiri a kuno tidakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Kumeneko sikuti zinthu zinali zofewa. Buku limodzi tinkaunjikana anthu angapo, ena tikuwerenga chozondoka. Koma aphunzitsi athu ankadziwa chomwe akufuna. Ankati werengani chamumtima, nthawi ikakwana tsekani buku. Kenako amaloza mmodzi: tiuze, wamva chiyani? Ukanena mfundo yaikulu ya nkhaniyo amaloza wina kuti aonjezere. Tikakumana ndi liwu lachilendo sankathamangira kutiuza tanthauzo. Ankati onani mawu ali kutsogolo ndi kumbuyo kwake, mukuganiza kuti likunena za chinthu chabwino kapena choipa, za munthu kapena za malo? Ankatifunsa kuti pomwe wolemba wati "iwo", akunena ndani. Ankatifunsa chomwe chidayamba kuchitika ndi chomwe chidatsatira, ngakhale wolemba atazisokoneza dala. Ukayankha amakuuza kuti loza mzere umene wakupatsa maganizo amenewo. Mafunso olemba ankabwera pamapeto penipeni, nkhani titaitafuna kale. Ndipo sabata iliyonse nkhani imakhala ina. Palibe tsiku limene tidayesedwa ndi nkhani yomwe mayankho ake tidapatsidwa kale.

Zimenezi sizifuna kompyuta kapena intaneti. Zimafuna mphunzitsi amene wawerenga nkhaniyo yekha usiku wake, ndi pepala lathunthu.

Tisaiwalenso katundu amene mwana wa kuno wasenza. Kunyumba amayankhula Chichewa. Akalowa m'kalasi zonse zimakhala m'Chipwitikizi, chimene ambiri a kumidzi ya Tsangano, Macanga ndi Chifunde amachimva bwino akafika kusukulu basi. Kenako pakubwera Chingerezi ngati chiyankhulo chachitatu, ndipo mphunzitsi amachifotokoza kudzera m'Chipwitikizi chomwe mwanayo akulimbana nachobe. Mwana wotereyu amafunika nthawi yochuluka yowerenga, nkhani zazifupi zambirimbiri, zoyamba ndi zinthu zomwe amazidziwa. Sindikukana kuti ana aziwerenga za London. Awerenge ndithu, dziko ndi lalikulu. Koma mwana amene sadakwerepo sitima mukampatsa nkhani ya njanji ya pansi pa nthaka, mumayamba mwamufotokozera, mwina m'Chichewa momwe, kuti adziwe pomwe waima. Boma lenilenilo lidavomereza kale kuti chiyankhulo cha kunyumba chimathandiza mwana, n'chifukwa chake kuli sukulu za pulayimale zophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, Chinyanja chili momwemo. Nanga n'chifukwa chiyani ku sekondale mphunzitsi amaona ngati wachimwa akafotokoza chiganizo chimodzi chovuta m'chiyankhulo cha ana?

Akuluakulu a zamaphunziro ndikuwakumbutsa malamulo awo omwe. Lamulo nambala 18 la 2018 lidakonzanso maphunziro m'dziko muno, n'kunena kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo sekondale iziyambira kalasi ya 7. Ndiye kuti mwana wa kalasi ya 11 wakhala zaka zingapo akulowa m'phunziro la Chingerezi. Zaka zonsezo, n'kulephera kufotokoza ndime imodzi? Dziko lathu lidalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995 ngakhale silidalamulidwepo ndi Angerezi, chifukwa atsogoleri adaona kuti maiko onse otizungulira amagwiritsa ntchito Chingerezi. Ngati pali chigawo chomwe chiyenera kumvetsa zimenezi kuposa china chilichonse, ndi Tete. Kum'mawa kuli Malawi, kumpoto Zambia, kumwera Zimbabwe. Pa Zóbuè, pa Calómuè, pa Cassacatiza, pa Cuchamano, munthu ukangowoloka, mafomu ndi zikwangwani zonse zili m'Chingerezi.

Ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Malasha a ku Moatize akhala akukumbidwa ndi makampani akuluakulu kuyambira 2011, ndipo sitima zake zimadutsa m'Malawi kupita kudoko la Nacala. Mathiraki ochokera ku Beira amawoloka Zambezi usana ndi usiku kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka. Magetsi a ku Cahora Bassa amakafika mpaka ku South Africa. Chuma chonsechi chikudutsa pakhomo pathu. Koma ntchito zabwino zake zimafuna munthu wotha kuwerenga buku la malangizo a makina, chenjezo la ngozi, kalata ya katundu, mgwirizano wa ntchito, n'kumvetsa zomwe zalembedwazo. Pa makina palibe A, B, C, D. Mnyamata akalephera kumva chiganizo chomuuza kuti azimitse kaye magetsi asadatsegule chitseko, zotsatira zake si kulephera purova. Ndiye timadabwa tikaona ana a kwina akulembedwa ntchito zam'maofesi pomwe athu akunyamula matumba pamalire ndi kusintha ndalama m'mbali mwa msewu. Ngakhale amene akufuna kupitiriza maphunziro, kaya za ulimi ku UniZambeze pa Ulongué pompa kapena za migodi ku Tete, akakumana ndi mabuku ambiri a sayansi olembedwa m'Chingerezi. Adzaloweza chiyani pamenepo?

Za mabuku ndiye musanene. Pa sukulu ya mwana wangayi palibe chipinda chomwe mwana angalowe n'kubwereka kabuku ka nthano ka Chingerezi kukawerenga kunyumba. Chingerezi chonse chimene amakumana nacho pa chaka ndi mapepala ochepa okopera, ndipo limodzi mwa iwo ndi lodulidwali. Mafoni ali nawo ena, koma zomwe amawerengamo ndi timauthenga ta pa WhatsApp ndi Facebook, mizere iwiri itatu basi. Ku Maputo amalemba mapulogalamu a maphunziro okoma kuwerenga. Kodi alipo amene adabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ya kuno kuti aone momwe pulogalamuyo imathera ikafika pa bolodi?

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ali ndi mavuto awo. Makalasi ndi odzaza, ena amaphunzitsa m'mawa, masana ndi usiku, ndipo tonse tidamva madandaulo awo a ndalama za maola oonjezera zomwe zimachedwa. Pa zimenezo ndili nawo limodzi, ndipo boma liwalipire. Koma kuyang'ana ngati pepala lakopedwa lonse sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Kuwerengera ana ndime yosowayo mokweza, kapena kuilemba pa bolodi pomwe padalembedwa mayankhopo, sikukadafuna ndalama ya aliyense. Choko chomwe adalembera A, C, B, D chikadalemba ndime ija.

Pempho langa ndi ili. Ofesi ya zamaphunziro ya boma lino, SDEJT, ilamule kuti fisha iliyonse yogulitsidwa kwa ana iziyamba yaonedwa ndi kusainidwa ndi woyang'anira kaphunzitsidwe pasukulupo, ndipo nkhani ya pa purova isakhale yomwe ana adapatsidwa kale mayankho ake. Aphunzitsi a Chingerezi a m'boma muno akumane, aliyense alembe nkhani zazifupi ziwiri zitatu, za ulimi wa mbatatesi ndi fodya, za mlatho wa Kassuende, za msika wa pamalire, azisinthana. Nyuzipepala zakale za Chingerezi za ku Malawi zadzaza m'misika yathu, anthu akukulungira zinthu. Komiti ya sukulu itolere zimenezo, ana azidula nkhani n'kumawerenga. Ndipo pa sukulu ndikunenayi, ana a kalasi ya 11 alembenso purova ija ndi nkhani yatsopano, ngakhale malikisi a mwana wanga atsike. Pepala lathunthu lija tikulifunabe, apo ayi atibwezere ndalama zathu.

Kholo lokhudzidwa,
Angónia, Tete