Kwa kampani yomwe inati yatseka madzi m'chipinda changa chapansi

Akuluakulu a kampani inu, ndalemba pano pagulu chifukwa foni mwasiya kuyankha, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala duu. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Nyumba yanga ili pamtsetse kuno ku Blantyre, ndipo khoma lakumtunda la chipinda chapansi linalowa m'dothi pafupifupi lonse. Dzinja lililonse khomalo linkachucha. Kapitawo wanu atabwera analigogoda ndi kiyi wa galimoto, n'kunena kuti imeneyi ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Kotesheni yanu ndikadali nayo, ndipo inalembedwa momveka: kukumba kunja kwa khoma mpaka pa fawundeshoni, kupulasitala, kupaka phula kawiri, kuyala pepala lakuda lokhuthala, kenako kuika paipi yobooledwa pansi pa miyala ya kwale kuti madzi azitsikira kumunsi. Ndinalipira zonse, malisiti alipo.

Mvula itagwira mu Januwale, phula lomwe munapaka mkati linayamba kuchita matuza. Ndikabaya tuza ndi msomali, madzi ankangotuluka chuu, kutsetsereka ndi khoma. Pomwe khoma limakumana ndi simenti ya pansi pankayenderera madzi usiku wonse, ndipo m'mwamba momwe phula silinafike munatuluka mchere woyera ngati ufa. Matumba a chimanga anachita nkhungu, matilesi n'kuda mawangamawanga. Mphwanga amene ankagona mmenemo tinamusamutsira pabalaza chifukwa fungo la chinyezi silinkapiririka.

Mvula itatha ndinalemba mnyamata waganyu kuti akumbe kunja tione. Bwana, munakumba kulekeza m'mawondo basi. Pepala lomwe tinapeza ndi lopyapyala lija anthu amafolera nalo nyumba za udzu, nalonso long'ambikang'ambika. Paipi mulibe. Kwale mulibe ngakhale wodzaza chikhatho. Munakwirira ndi katondo yemwe uja munafukula, kuphatikizapo zidutswa za njerwa ndi matumba a simenti. Zithunzi ndinajambula. Ndiye kwale yemwe ndinalipira uja anakatsitsidwa kwa yani?

Chimene chikundiwawa n'chakuti ntchitoyi mumaidziwa bwino. Ndi kapitawo wanu yemweyo amene anandifotokozera kuti madzi amachokera kunja. Dothi likakhuta, madzi amakankha khoma, ndipo mphamvu yake imakula pamene ukutsika pansi, n'chifukwa chake kuchucha kumayambira m'munsi. Njerwa zootcha zimamwa madzi. Phula likakhala kunja, madzi amalikanikizira kukhoma. Likakhala mkati, madzi omwewo amalisenda. Ndipo katondo sataya madzi msanga, amawasunga pomwepo pakhoma. Zonsezi munkazidziwa pamene munkatuma anyamata anu kulowa mkati ndi bulashi, ine ndili kuntchito. Ngakhale paipi yochokera ku gatala, yomwe munalonjeza kuilozetsa kutali, ikukhuthulirabe madzi a padenga lonse patsinde pa khoma lomwelo.

Tsiku lomwe foni inayankhidwa, kapitawoyo anati mvula inachuluka, palibe akanachitira mwina. Ayi, musatiputse. Ife a ku Blantyre mvula yochuluka timaidziwa. Tinaiona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Imene inalowa m'chipinda changa ndi mvula wamba ya dzinja, yomwe munalandirira ndalama kuti muitchinge.

Chilimwe chonse chapita ndikumva "tibwera sabata yamawa". Pano ndi Okutobala, ndipo mukudziwa kuti mvula ikayamba, dzenje lakuya chonchi pamtsetse silikumbika, lingagumukire munthu. Kapena mukudikira dala kuti mudzapeze chonamizira?

Ndikufuna mubwere Novembala asanafike, mudzachite zomwe zili pa kotesheni. Mukumbe mpaka pa fawundeshoni, khoma liume musanapake phula, ndipo phula lamkati lija mulipale chifukwa likungotsekera chinyezi m'njerwa. Ulendo uno dzenje simukwirira ine ndisanaone paipi ndi kwale ndi maso angawa, ndipo tidzathira madzi kumtunda kuti tione ngati akutulukadi kumunsi. Ngati simungathe, bwezani ndalama zanga ndipeze mmisiri wina nyengo isanathe. Za chimanga ndi matilesi tidzakambirana mukabwera.

Sabata ino ikatha muli chete, kotesheni, malisiti ndi zithunzi ndikazitula ku Competition and Fair Trading Commission, komwe amalandira madandaulo a ogula. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija munkaimba kawirikawiri pofuna dipoziti.